Matimu Amene Anabwera Kumaliro

Ndandanda wa masewero a chaka chimenecho anaumata pachitseko cha filiji, pamalo pamene kale pankakhala kalendala ya mayi ake. Lenifa anaupeza Loweruka m'mawa, mu Ogasiti wa 1985, atadzuka kudzatenga mkaka. Za mkakazo anaiwala.

Anali malemba a bambo ake, a Yotam Chingwalu, opendekera kumanzere ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo. Masana a Chingwalu ankajambula mapu ku ofesi ya boma ku Upper Marlboro, ku America. Ikakwana folo koloko ankavula tayi n'kukhala kochi wa timu ya atsikana ya volebo pa kakoleji ka Marlwood, chapafupi pomwepo. Lenifa ndiye anali kaputeni wa timuyo, ndipo chimenechi chinali chaka chake chomaliza.

Masewero khumi ndi awiri oyambirira sanawawerenge n'komwe. Amenewo anali a mu ligi, ndi makoleji omwe aja a chaka ndi chaka, ndipo palibe amene akanawasintha. Maso ake anathamangira m'munsi, pa masewero khumi ndi anayi a kunja kwa ligi, amene kochi amadzisankhira yekha. Nkhani yonse inagona pamenepo. Ligi ya Marlwood inali yofooka, kuipambana sikunkafikitsa munthu kulikonse. Kuti timu ipite ku mpikisano wa dziko lonse mu Novembala, inkayenera kusankhidwa ndi komiti ya makochi a m'chigawo, ndipo komitiyo sinkangowerenga kuti mwapambana kangati. Inkafunsa kuti mwagonjetsa ndani.

Koleji ya Baibulo ya Bethany Fields, kawiri. Sukulu ya anamwino ya ku Alexandria, katatu. Kakoleji ka aphunzitsi kamene kanayamba volebo chaka chathachi. Kena kamene neti yake inali yomangira chingwe choyanikira zovala.

Anawerenga kachiwiri. Kenaka anapita pabalaza, natsegula kabati, natulutsa buku lakuda limene anthu analembamo mayina awo pa maliro a mayi ake mu Febuluwale. Analiika pafupi ndi ndandanda uja. Kochi wa timu iliyonse ya pa ndandandawo anali m'bukumo. Ngakhale dongosolo lake silinasiyane kwenikweni: amene anafika tsiku loyamba anapatsidwa masewero ambiri.

"Bukulo ulibwezere pamene walitenga," anatero bambo ake ali pakhomo la khichini, nyuzi ili m'khwapa.

"Ridgemont ili pati, Adadi?"

"Ku Pennsylvania. Sinasamuke."

"Ndikunena pa pepalali. Pa 12 Okutobala mwalembapo anamwino."

"Ndiye kuti tikusewera ndi anamwino."

Ridgemont inali timu yoopsa kuposa zonse m'chigawocho. Chaka ndi chaka mu Okutobala inkaitana matimu asanu ndi atatu okha ku mpikisano wake wa tsiku limodzi, ndipo amene waitanidwa kumeneko komiti inkamudziwa dzina. Ndandanda wa Marlwood, zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi, ankakonza ndi mayi ake a Lenifa, a Felistas, pa taipi yaing'ono, makina olembera makalata, patebulo lomwelo la m'khichini. Zaka zitatu anakhala akulembera kochi wa Ridgemont, Mayi Elizabeth Kroll. Akakumana ku masewero ankawatengera zitumbuwa m'chitini, mpaka mzungu uja anayamba kufunsa chitinicho asanapereke moni. Kalata yoitana inafika mu Malichi, patangotha masabata atatu a Felistas ataikidwa m'manda.

"Amayi anavutikira tsiku limeneli zaka zitatu," anatero Lenifa.

"Ndipo mayi ameneyo wadya zitumbuwa za amako zaka zitatu. Pamaliro unamuona?"

"Si nkhani imeneyo."

"Unamuona? Anthu anachoka ku Richmond pa chipale chofewa chija. Ferdinand, kochi wa anamwino, ananyamula bokosi la amako phewa lake lili lothyoka. Atsikana a ku Baibulo anaimba mpaka mawu kusasa. Iyeyo? Ngakhale kakhadi. Kenaka n'kunditumizira kalata yonena za nthawi yofikira ndi poimika galimoto. Liwu limodzi loti pepani mulibe. Ndinaiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo komwe."

"Ndiye ndi munthu woipa mtima, chabwino. Tipite tikamugonjetse m'holo mwake momwemo."

"Sindingapondemo."

"Adadi, komiti siwerenga buku la maliro!"

"Ine ndimawerenga." Anaika nyuzi patebulo mwaulemu ngati ikhoza kusweka. "Anthu awa anabwera kwathu. Kuno sadzatiitana ku maliro awo kapena ku maukwati awo, moyo wa kuno ndi wotero. Chimene ndili nacho chowabwezera ndi chimodzi: timu yabwino ibwere m'holo mwawo, makolo awo adzaone masewero enieni. Ukufuna ndiwauze kuti misozi yanu tinalandira, koma pa volebo ndinu otsika?"

"Ndi otsikadi!"

"Tseka pakamwa."

"Mukulipira maliro ndi chaka changa. Inu zaka muli nazo zambiri pa benchi paja. Ine ndatsala ndi miyezi itatu."

"Tikapambana masewero onse, komiti iti imene ingatisiye? Masamu ndinaphunzira ine iwe usanabadwe."

Lenifa anaseka kuseka koipa, kumene iye yemwe sanakuzindikire. "Amayi ankakubisirani taipi ija chifukwa ankadziwa masamu anuwo."

Bambo ake anatenga buku lakuda lija, nalipukuta ndi dzanja ngati wina walidetsa, nakalibwezera okha m'kabati.

Lachitatu Lenifa anakwera sitima kwawo ku Landover, nasinthira ina pakati pa tauni, mpaka ku Alexandria. A Ferdinand Sakala, a ku Zambia, ankagwira ntchito ku banki, ndipo madzulo ankaphunzitsa volebo atsikana ophunzira unamwino m'kaholo ka kuseri kwa tchalitchi, kadenga kotsika koti mpira ukakwera pang'ono unkagunda nyale. Anawapeza akupopa mipira ndi pampu ya njinga.

"Ah, Leni! Wabwela kutiona tisanafe?" anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Nkhala pansi. Batate bako bali bwanji?"

"Ali bwino, Ankolo. Ndabwera kudzapempha chinthu."

"Ngati ni mpila, tenga. Bonse bali na mabowo."

"Tsiku la 12 Okutobala. Mutibwezere."

A Ferdinand anasiya kupopa. Anayang'ana atsikana awo asanu ndi awiri amene ankaponyerana mpira kumapeto kwa holo, ena akuyasamula, wina atavala nsapato zoyera za kuchipatala.

"Iwe mwana, uganiza ine ninapempha? Katatu! Ba Yotam banitumila foni ati tizabwela katatu. Nenze kufuna kulila. Ona uja wamufupi, Marjorie. Akamvela dzina yako amayamba kupemphela. Ise tifuna chabe kuseweza tuma timu twa saizi yathu."

"Ndiye muwauze."

"Nibauze bwanji? Munthu akubweletsela mphaso na manja yabili, ali na chisoni, iwe ukambe ati sinifuna?"

"Muwauze kuti holo yatsekedwa. Kuti kuli mayeso. Chilichonse, Ankolo."

A Ferdinand anakanda kumutu, napuma mozama. "Nizayesa. Koma batate bako nibaziba. Banganimvele mau chabe, baziba kuti wenze kuno."

Anadziwadi. Mawa lake pa pulakatisi a Chingwalu analowa m'holo ya Marlwood osavula tayi. Atsikana khumi ndi mmodzi, onse obadwira ku America komweko, anali atayamba kale kutenthetsa thupi. Kochi anaima pakati pa bwalo nayankhula Chichewa, chimene sankachita m'holomo.

"Wapita kukandivula kwa anthu."

Lenifa anali tsidya lina la neti. Anayankha m'Chichewa chomwecho, mpira uli m'manja. "Ndapita kukafunsa ngati mphatso yanu akuifuna. Sakuifuna."

"Ferdinand wandiimbira akuchita chibwibwi ngati mwana wakuba shuga. Akuti holo akuipenta. Ndamuuza kuti tidzabwera ndi penti wathu."

"Mukuwazunza atsikana aja, mukutizunza ife, n'kumati ndi ulemu."

"Ulemu ungaudziwe iwe? Amako ali m'bokosi pabalaza, iwe unali kuchipinda utatseka chitseko. Mbale ankatsuka ndi ana a eni."

Mawu amenewo anamulowa ngati singano. Zinali zoona. Masiku atatu a maliro aja Lenifa sanathe kutuluka. Ankamva nyimbo kudzera pakhoma, atagona pansi, atakumbatira juzi la mayi ake.

"Inu munatuluka," anatero pang'onopang'ono, "munalandira aliyense, munalemba aliyense. Kulira ndiye sindinakumveni. Munali otanganidwa ndi kuwerenga anthu."

Atsikana ena aja ankangoyang'ana uku ndi uku ngati akuonera mpira umene sakuuona. Mmodzi anafunsa m'Chingerezi ngati zonse zili bwino. A Chingwalu anatembenukira kwa iye, namwetulira, namuuza kuti kuyambira lero kaputeni ndi iyeyo. Kenaka analozera Lenifa masitepe a m'mbali mwa holo. Lenifa anakwera ndi kutsika mpaka pulakatisi inatha, ndipo sanapemphe madzi.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba ya ku Landover munali anthu awiri odutsana ngati alendo pa siteshoni. Ankadya nthawi zosiyana. M'galimoto ya timu Lenifa ankakhala mpando wakumbuyo kwenikweni. Ndipo ankapambana. Ankapambana mochititsa manyazi. Ku Bethany Fields anawalandira ndi pemphero ndi makeke, n'kugonja pasanathe mphindi makumi anayi. Ku koleji ya aphunzitsi woimbira anachita kuwakumbutsa eni bwalo poima. Paliponse kochi wa kumeneko ankagwira a Chingwalu dzanja ndi manja awiri, kuwafunsa ngati akupezako bwino, ndipo iwo ankawerama pang'ono, nkhope itasalala ngati munthu amene watula katundu. Pobwerera ankalemba chigoli m'kabuku kawo akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Pa 12 Okutobala, pamene matimu asanu ndi atatu ankamenyana ku Ridgemont, Marlwood inali m'kaholo kaja ka ku Alexandria, kosapentedwa. Oonerera analipo khumi ndi anayi. Lenifa anawawerenga.

Itafika nthawi yake yoseva, yomenya mpira woyamba kupita tsidya lina, anayang'ana tsidya lina naona Marjorie, wamfupi uja, ataima pakona yakumbuyo manja atatambasula, milomo ikugwedezeka. Anamulunjika. Mpira unamugunda pamkono n'kuthawira kukhoma. Anamulunjikanso. Kachitatu. Kachisanu. A Ferdinand anasuntha mtsikanayo kupita naye pakati, Lenifa anamutsata komweko. Sankayang'ananso Marjorie, ankayang'ana bambo ake pa benchi, ndipo mpira uliwonse unali funso: mphatso yanu ija ndi imeneyi? Wa khumi ndi chimodzi unamupeza mtsikanayo pamphuno. Anakhala pansi, magazi akudontha pa juzi loyera.

Lenifa anadutsa pansi pa neti atanyamula thaulo. Marjorie analilandira, nakweza mutu, nayesa kumwetulira. M'pamene Lenifa anamuzindikira. Tsiku lachitatu la maliro wina anagogoda pachitseko cha kuchipinda chake, nasiya tiyi pansi osanena kanthu. Iye anangoona nkhope pang'ono pa mpata wa chitseko. Inali nkhope imeneyi.

M'galimoto bambo ake sanaimbe. Atafika kunyumba anangoti, "Amako akanakuona lero."

"Akanakhala ku Ridgemont," anayankha Lenifa, koma mawuwo anamuwawa m'kamwa.

Nyengo inatha atapambana masewero makumi awiri ndi asanu, atagonja kamodzi kokha. Ligi anaitenga osatuluka thukuta. Kanyuzi ka pakoleji kanalemba kuti Marlwood sinakhalepo ndi timu yotere. Lamulungu lachiwiri la Novembala, tsiku limene komiti inkaimbira makochi, a Chingwalu anachoka kutchalitchi osacheza ndi munthu. Anakoka foni ya m'khichini mpaka pamene chingwe chinathera, naiika pakati pa tebulo, nakhala pambali pake atavalabe jekete. Lenifa anaima potsukira mbale, atawafulatira.

"Makumi awiri ndi asanu," anatero iwo, ngati akuuza foniyo. "Uone."

Inalira cha m'ma thili koloko. Khutu lawo lakumanja linkawawa likakhudzidwa, choncho ankagwirira foni patali pang'ono, ndipo mawu a Chingerezi a mayi wa tsidya linalo ankamveka m'khichini monse. Anali Mayi Kroll. Chaka chimenecho ndiwo anali wapampando wa komiti.

Sanazungulire. Anati Marlwood sinasankhidwe. Anati komiti inayang'ana matimu onse amene Marlwood inagonjetsa kunja kwa ligi, ndipo sinapezepo ngakhale imodzi imene inapambana theka la masewero ake. Malo omaliza anapatsa koleji ina imene inagonja kasanu ndi kanayi, koma inagonja kwa akuluakulu, ndipo pa 12 Okutobala inagwetsa awiri mwa iwo.

"Anabwera pa malo anu aja, Yotam," anatero mawuwo. "Ndinakusungirani mpaka Meyi. Ndinalemba kawiri. Mwana wanu uja ndinamuona chaka chatha, ndi womenya bwino kuposa aliyense amene ndili naye kuno, koma sindingauze komiti kuti ikhulupirire maso anga. Munalowa chiyani?"

Lenifa anatembenuka, napinda manja pachifuwa. Mawu amene anakhala akuwanola miyezi itatu anali okonzeka palilime.

"Ndipo Felistas ali bwanji?" anapitiriza Mayi Kroll. "Chaka chino sanandilembereko. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinamulakwira. Mumuuze kuti chitini chake ndidakali nacho, ndinachitsuka bwinobwino."

Foni inatsika pang'onopang'ono kuchoka pakhutu la bambo ake mpaka inagona patebulo. Mawu aja ankaitanabe, aang'ono, ngati munthu wagwera m'chitsime. Yotam? Yotam, mukundimva?

Lenifa anaona pakamwa pa bambo ake pakutseguka ndi kutsekeka. Kwawo uthenga wa maliro umayenda wokha. Mmodzi akamva, amauza mnzake, mnzakeyo amakwera njinga. Ngakhale kuno ku America unayendadi wokha, kuchokera kutchalitchi kupita ku Alexandria, ku Richmond, kwa makochi a pafupi amene ankakumana nawo pa msika. Palibe amene anakhala pansi kulemba mndandanda wa anthu oti auzidwe, chifukwa amene ankalemba makalata m'nyumba imeneyi ndi amene anali m'bokosi. Ku Pennsylvania, ulendo wa maola anayi, panalibe njinga yoti ikafike.

Ndipo iye mwini, Lenifa, amene anakwera sitima ziwiri kukanyengerera a Ferdinand kuti aname, sanaganizepo ngakhale kamodzi kukweza foni yomweyi n'kufunsa mayiyo ngati anamva. Nayenso anangoti ndi woipa mtima. Ankangotsutsa za chilango chake.

Anatenga foniyo. Mawu anatuluka owongoka.

"Mayi Kroll, ndine Lenifa. Amayi anamwalira pa 9 Febuluwale."

Tsidya linalo kunamveka kupuma kodukaduka, ndi funso limodzi lobwerezabwereza: bwanji palibe anandiuza? Lenifa anangomvetsera. Pamapeto pake mayiyo anafunsa njira ya ku Landover ndi dzina la manda, ndipo Lenifa anawafotokozera, msewu ndi msewu, ngati mmene mayi ake akanachitira.

Atabwezera foni, bambo ake anali atavula magalasi. Ankayang'ana tebulo pamalo pamene taipi inkakhala, pamene panali timabowo tinayi ta miyendo yake.

"Akuti chiyani?" anafunsa ndi mawu a munthu wina.

"Akubwera mawa. Abweretsa chitini."

"Mawa." Anagwedeza mutu kangapo. "Ndiye... ndiye tikonze pabalaza. Utulutse buku lija."

Lenifa anapita kukabati, natenga buku lakuda, nabwera nalo. Anaima pafiliji, namatula ndandanda uja, umene tsopano unali ndi zigoli zolembedwa ndi inki yofiira pambali pa dzina lililonse. Anatsegula bukulo pa tsamba loyamba lopanda kanthu, naikapo pepalalo, naliwongola ndi chikhatho.

"Akuti chaka chamawa malo aja ndi anu," anatero. "Kalata yoitana ikadzabwera mudzayankhe, Adadi. Ine kudzakhala kulibe."

"Leni."

Sanatembenuke. Anatenga chikwama chake cha masewero pakhomo, natulutsamo nsapato ndi zotchinga m'maondo, naziponya pamwamba pa kabati, pamene sankafikapo popanda mpando. Kumbuyo kwake, m'khichini, kunayamba phokoso la bambo ake limene sanalimve mu Febuluwale, losweka, lotsika, ngati chitseko cholemera chikukokedwa pa simenti. Anaima m'khonde dzanja lili pakhoma. Sanalowe. Koma sanapitenso kuchipinda kukatseka chitseko.